Mwana wanga wamishonale amusamutsa mwadzidzidzi ku Ghana: kodi walakwanji?

Funso: Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Kawale mu Lilongwe ndipo ndimapemphera ku CCAP. Mwana wanga wachiwiri, wazaka 21, analowa mpingo wa Mormon zaka zitatu zapitazo, ndipo anamutuma ku Ghana ngati mmishonale. Wakhala ku Kumasi miyezi inayi ndi theka, anazolowera, ndipo panali banja lina limene ankaliphunzitsa loti libatizidwa mwezi uno. Lolemba lapitali anandiimbira mawu ali ofooka. Akuti anamuuza Loweruka usiku kuti alongedze, Lachitatu akupita ku Obuasi, ndipo akamupatsa mnyamata wa ku America wongofika kumene kuti azimuyang'anira. Nditati bwanji osakana, anangoti, "Amayi, kuno timamvera." Kodi walakwa ndiye akumulanga? Kumvera kotereku n'kwabwinobwino? Komanso agogo ake akudwala kwambiri kumudzi ku Dedza. Zitavuta angamulole kubwera? Achibale nawo akundisowetsa mtendere kuti mwana ali kunja koma satumiza ngakhale ya sopo.

Yankho: Mayi, mtima ukhale m'malo, mwana wanu sanapalamule. Akanakhala kuti wapalamula sakanamupatsa mlendo woti amulere, chifukwa ntchito yophunzitsa wongofika kumene akuluakulu a mishoni amaipereka kwa munthu amene amamudalira. Koma sindikuuzani kuti basi zonse zili bwino, kagoneni. Funso lanu lachiwiri, la kumvera, ndi lolemera kuposa loyambali, ndipo pamenepo ndichedwapo.

Ine si wa mpingowu. Ntchito yanga ndi kuphunzira za mipingo ndi mautumiki ake, ndipo ndachezapo ndi achinyamata amene anavalapo kabaji kakuda kaja n'kubwerako. Eni ake dzina loti Mormon salikondanso. Mu 2018 mtsogoleri wawo wa nthawiyo, Russell M. Nelson, anapempha kuti anthu azitchula dzina lonse, Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza. Mukamacheza ndi mwana wanu yesani kutero, adzamva kuti mukulemekeza chimene anasankha ngakhale inu simunachisankhe.

Kalendala ya mmishonale siyendera miyezi ngati yathuyi, imayendera masabata 6. Akatha masabata 6 alionse, pulezidenti wa mishoni, bambo wachikulire amene amakhala kumeneko ndi akazi awo kwa zaka zitatu, amayang'ananso achinyamata onse amene ali m'manja mwake, kawirikawiri oposa 100, n'kugamula kuti uyu atsale, uyu apite uko, uyu ayende ndi uyu. Iwo amati transfer. Sabata imeneyo ena amakhala atamaliza nthawi yawo akukwera ndege kubwerera kwawo, pomwe atsopano akufika kuchokera kusukulu ya amishonale, ngati imene ili ku Accra. Ndiye popeza lamulo lawo limati mmishonale asakhale yekha, kuchoka kwa mmodzi kumagwedeza anthu ambiri, monga zimakhalira m'minibasi wokhala mpando wakumbuyo akati "ndatsika".

Mnyamata amatumikira miyezi 24, mtsikana miyezi 18. M'miyezi 24 muli ma transfer pafupifupi 17. Miyezi inayi ndi theka imene mwatchulayo ndi masabata 19 ndi masiku angapo, kutanthauza ma transfer pafupifupi atatu, ndipo imeneyo ndi nthawi yabwinobwino yoti munthu achoke pamalo ake oyamba. Asamukanso kangapo asanabwere, ndipo anzake oyenda nawo asintha koposa apo. Zomuuza kutatsala masiku atatu kapena anayi nawonso ndi mwambo wawo. Mmene ndimaonera ine, amaopa kuti munthu akadziwa kuti mwezi wamawa sakhalapo, khasu amaligwira mofooka. Pa ntchito ndi nzeru ndithu. Pa mtima wa mwana wazaka 21 ndi nkhonya.

Ngati kalata imene inamuitana muli nayo, muiwerengenso mofatsa. Ili ndi ziganizo ziwiri zosiyana. China chimati waitanidwa kukhala mmishonale wa mpingo. China chimati wapatsidwa dera lakutilakuti loti akagwireko ntchito. Mu Epulo 2017, David A. Bednar, mmodzi wa atumwi 12 a mpingowu, analalikira ulaliki wonse pa kusiyana kumeneku: maitanidwe ndi a ntchito, osati a malo, ndipo malo angasinthe tsiku lina lililonse. Ankalankhula ndi achinyamata amene amadziona ngati olephera dera lawo likasinthidwa chifukwa cha viza yochedwa, matenda kapena chipwirikiti. Mwana wanu anaphunzitsidwa zimenezi asananyamuke. Kuziphunzira ndi kosavuta munthu asanakonde aliyense kumaloko.

Ndipotu ulendo wa ku Obuasi ndi waung'ono, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumwera kwa Kumasi, tauni ya migodi ya golide, chilankhulo chake Chitwi chomwecho chimene wayamba kuthyolathyola. Anzake ena zinawagwera zazikulu, ndipo ku Ghana komweko ndi kumene kuli nkhani yodziwika kwambiri. Pa 14 Juni 1989, boma la Jerry Rawlings linaletsa mpingowu pamodzi ndi Mboni za Yehova. Amishonale akunja anauzidwa kuti atuluke m'dzikomo m'masiku owerengeka, matchalitchi anatsekedwa, anthu ankapemphera m'nyumba zawo, mpaka chiletsocho chinachotsedwa kumapeto kwa Novembala 1990. Ife Amalawi, amene tinaona a Mboni ali oletsedwa kuyambira 1967 mpaka 1993, zimenezi si nthano kwa ife. Mu Ogasiti 2014, Ebola itavuta, amishonale 274 anachotsedwa ku Sierra Leone ndi ku Liberia n'kugawidwa kwina. Mu Okutobala 2017 anawachotsa ku Madagascar chifukwa cha mliri wa makoswe. Mu Malichi 2020, korona itafika, masauzande anabwezedwa kwawo, ena atangotumikira miyezi iwiri, ena kutatsala miyezi iwiri. Tsiku limodzi lokha oposa 1,600 ochokera ku Philippines anatera ku Salt Lake City. Mu Novembala 2021 a ku Ethiopia anawasamutsira ku Kenya chifukwa cha nkhondo, ndipo mu Januwale 2022 a ku Ukraine anawatulutsa nkhondo isanayambe. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mpingowu unakonza utumiki wake moganizira zimenezo: munthu wake azikhala woti masutikesi awiri akwana, mawa ali pamsewu.

Nanga akulira chiyani ngati ankadziwa? Akulira anthu. Ganizirani mmene anafikira ku Kumasi: sadziwa moni, fufu amamuuza kuti satafuna koma kungomeza, banku akumumva kuwawasa, nsima akuilota. Kenako pakapezeka khomo limodzi pamene amamuitana kuti akhale pansi, ana akumuthamangira, mayi wapakhomopo akumusungira chakudya ngati mwana wake. Kwa miyezi inayi khomo limenelo ndiye linali Kawale wake. Walima, wapalira, chimanga chayamba kucha, akumuuza kuti adzakolola wina. Chisoni chimenechi n'chaumoyo, ndipo ine ndikanada nkhawa koposa akanachoka osamva kanthu.

Amishonale ali ndi kachilankhulo kawo koseketsa pa zimenezi. Malo oyamba amati ndi kumene "unabadwira", omaliza ndi kumene "udzafere". Wokuphunzitsa amati ndi "bambo" wako, iwe ndiwe "mwana" wake. Ndiye Mayi, mwa kuwerenga kwawo, mwapeza mdzukulu wa ku America. Kwa masabata 12 mwana wanu ndi amene azimuonetsa kukwera trotro (minibasi ya kumeneko), kutsitsa mtengo pamsika, kuchapa shati yoyera m'ndowa, kupereka chinthu ndi dzanja lamanja basi. Pali chinthu china apa chimene sindingachilumphe. Mpaka Juni 1978, mpingowu sunkapereka unsembe kwa amuna akuda, ndipo mwana wanu sakanatchedwa n'komwe Elder, dzina laulemu la amishonale aamuna. Chiletsocho chinachotsedwa m'nthawi ya Spencer W. Kimball. Mbiri imeneyi ndi chilonda chimene ambiri mumpingomo amachimvabe, ndipo ndi chifukwa chake mnyamata wa ku Kawale kukhala mkulu wa mnyamata wa ku America m'nyumba imodzi si kanthu kakang'ono.

Tsopano kumvera. Ndikuuzeni kaye kukula kwake, kuti mawu aja oti "kuno timamvera" muwamve bwino. Nthawi yodzuka ndi yoikika, kwa zaka zambiri inali 6:30 m'mawa ndipo yogona 10:30 usiku; kuyambira 2017 mishoni iliyonse imatha kusuntha maolawa molingana ndi dziko. M'mawa pali maola owerenga malemba, payekha ndiponso ndi mnzake, ndi kukonza za tsikulo. Mnzakeyo ayenera kukhala pamene angamuone ndi kumumva usana ndi usiku, kupatula kubafa ndi kuchimbudzi. Chibwenzi ayi, ngakhale kukumbatira mtsikana ayi, moni wa padzanja basi. Kusambira m'nyanja kapena mumtsinje ayi. Kanema ayi, mpira wa pa TV ayi, nyimbo za chisawawa ayi. Kutuluka m'dera lake popanda chilolezo ayi. Dzina limene munamupatsa inu sagwiritsa ntchito, ndi Elder wakutiwakuti. Tiyi ndi khofi munaona kale ali pakhomo kuti anasiya, chifukwa limenelo ndi lamulo la membala aliyense, osati amishonale okha.

Musakhumudwe ndi fanizo ili poti ndinu a CCAP, koma kwanu ku Dedza mukudziwa mmene chinamwali chimayendera. Mwana amachotsedwa pakhomo, amapatsidwa phungu, amalandira dzina lina, amasunga malamulo amene ena sauzidwa chifukwa chake, kenako amabwerera anthu akumuona ngati wamkulu. Anthu ophunzira za chikhalidwe akhala akufanizira utumikiwu ndi mwambo wotero, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Mpingo umafuna anthu obatizidwa, inde, koma munthu woyamba amene ukumuumba ndi mmishonale mwini wakeyo.

Malamulo ambiri mwa amenewa ndingawaikire kumbuyo. Tengani anyamata awiri azaka 19 kapena 21, muwaike m'nyumba m'dziko lachilendo, wamkulu wowayang'anira ali makilomita ambirimbiri. Lamulo loti asasiyane limawateteza kwa akuba, kwa owanamizira, ndiponso kwa iwo eni. Lamulo logona m'neti, kumwa mankhwala oteteza malungo ndi kusefa madzi lapulumutsa ambiri. Ndipo mwana amene waphunzira kudzuka pa nthawi, kusunga mawu ake, ndi kukhala mwamtendere ndi munthu amene sanamusankhe, wapata chinthu chimene ena timafika nacho zaka 50 tisanachipeze.

Koma pali pamene pamandidetsa nkhawa. Pakati pa amishonale pamayenda mawu akuti kumvera kumabweretsa madalitso, koma kumvera ndendende kumabweretsa zozizwitsa. Kwa mwana wa mtima wolimba ndi mawu olimbikitsa chabe. Kwa mwana wa chikumbumtima chofewa amatembenuka: ngati zozizwitsa sizinabwere, ndiye kuti ine ndinalakwa penapake. Ndinadzuka mochedwa ndi mphindi khumi, ndinaganiza za kunyumba nthawi ya pemphero, n'chifukwa chake andichotsa banja lija lisanabatizidwe. Onjezani apo kuti sabata iliyonse amapereka manambala, angati taphunzitsa, angati abwera kutchalitchi, angati abatizidwa, ndipo amene amalandira manambalawo poyamba ndi anyamata anzake omwe aikidwa kukhala atsogoleri, nawonso azaka 20. Ena mwa iwo ndi anzeru, ena udindo umawalowa m'mutu ngati kapitawo watsopano. Mpingo nawo ukuoneka kuti unaliona vutoli. Mu 2019 unasintha kabuku kakale ka malamulo a amishonale n'kuika katsopano kotsindika kwambiri mfundo ndi kuganiza bwino kusiyana ndi mndandanda wa zoletsa. Koma chizolowezi cha anthu sichisintha tsiku limene buku lasintha.

Choncho funso loti kumveraku n'kwabwinobwino silingayankhidwe ndi ine ndili kuno, liyankhidwa ndi makutu anu. Pali kumvera kwa munthu amene akuti, "Zandiwawa, sindikuzimvetsa, koma ndinalonjeza ndipo ndipita." Ameneyo akukhwima, ndipo kunena kwake kuti zamuwawa ndi chizindikiro chabwino. Pali kumvera kwa munthu amene wasiya kunena kuti zamuwawa chifukwa akuganiza kuti kumva kuwawa ndi tchimo. Mwana wanu anakuimbirani mawu ali ofooka, sanabise. Pakadali pano ali kumbali yoyambayo.

Zimene muzitchera khutu ndi izi. Ngati masabata atatu anayi apita akungoti "zili bwino" popanda nkhani, iye amene kale ankakusekesani ndi za fufu. Ngati akuti tulo sakupeza kapena chakudya sichikulowa. Ngati pa kanema wa foni mukuona kuti watha thupi. Ngati wayamba kulankhula zoti Mulungu wamutaya, kapena kuti bola kufa. Ngati akuoneka woopa mnzake amene akukhala naye. Zikatero musadikire. Iye ali ndi njira zake: amalembera pulezidenti wa mishoni kalata sabata iliyonse, amakumana naye pawiri nthawi ndi nthawi, ndipo mishoni imakhala ndi anthu oona za umoyo, kuphatikizapo a uphungu wa maganizo. Inunso muli ndi njira. Pitani kwa bishopu kapena mtsogoleri wa nthambi imene mwana wanu ankapemphera ku Lilongwe, mupemphe nambala ndi imelo ya ofesi ya mishoni. Kusakhala membala sikukuchotserani umayi. Ndipo mwana wanu adziwe kuchokera pakamwa panu kuti iye ndi wodzipereka, si wandende kapena msilikali. Alipo ambiri amene amabwerako nthawi isanakwane chifukwa cha matenda a thupi kapena a maganizo, ndipo atsogoleri a mpingowu anenapo poyera kuti amenewa asaonedwe ngati olephera. Manyazi amene amakumana nawo amachokera kwa anthu. Muuzeni kuti pakhomo panu sadzawapeza.

Za agogo ndiyankhe mosazungulira. Malangizo a mpingowu amati wachibale wapafupi akamwalira, mmishonale angathe kusankha kubwera kumaliro, koma kawirikawiri amalangizidwa kutsala, ndipo ngati n'kotheka aonere mwambowo pa intaneti. Zimenezo amanena makamaka za makolo ndi abale a bere limodzi; kwa agogo mwayi ndi wochepa kwambiri. Onjezani apo kuti kumudzi kwathu maliro sachedwa, ndipo ulendo wochoka ku Obuasi kupita ku Accra, kenako ndege yodzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ungamufikitse anthu atabwerako kale kumanda. Apa m'pamene mwambo wa mpingowu ndi wathu zimawombana mutu kwenikweni. Kwa ife mdzukulu wosaoneka pamaliro a agogo ake amakambidwa zaka. Ndiye kambiranani ndi amalume ake panopa, agogo akadali moyo, kuti mwini mbumba adziwiretu ndipo adzayankhe ndiye anthu akadzafunsa. Chinanso, musamubisire mwana matendawa poganiza kuti mukumuteteza. Uthenga wadzidzidzi umadzera ku ofesi ya mishoni tsiku lina lililonse, sudikira Lolemba, ndipo pa zotere amamulola kulankhula nanu.

Achibale a sopo aja auzeni kuti mwana sali pa ganyu. Mmishonale salandira malipiro. M'malo mwake iye, banja lake ndi mpingo wakwawo ndi amene amasonkha. Ku America mabanja amapereka ndalama yoikika pamwezi, ndipo kumene anthu sangakwanitse thumba la mpingo limathandiza. Kandalama kamene amalandira mwezi ndi mwezi ndi ka chakudya, thiransipoti ndi sopo wake yemwe, ndipo malamulo salola kuti azikasunga kapena kukatumiza kumudzi. Si njira yopitira ku America ayi. Tikiti yake yomaliza idzamutsitsa pa bwalo la ndege la Kamuzu, mtsogoleri wa mpingo wakwawo adzamumasula, baji adzavula, n'kuyamba kufuna sukulu kapena ntchito ngati wina aliyense. Chimene chingamuthandize pamenepo ndi thumba la ngongole za maphunziro limene Gordon B. Hinckley anakhazikitsa mu 2001, ndiponso maphunziro a pa intaneti a BYU-Pathway. Za zimenezo adzafunse yekha nthawi ikadzakwana.

Muli ndi mwayi umene amayi a kale analibe. Mpaka Febuluwale 2019, mmishonale ankaimbira kwawo kawiri kokha pachaka, pa Khirisimasi ndi pa tsiku la anakubala; zina zonse anali makalata. Lero amaloledwa kuimba kapena kuonana nanu pa foni sabata iliyonse pa tsiku lawo lochapa ndi kugula zinthu, lomwe nthawi zambiri ndi Lolemba. Woimba ndi iyeyo, ndipo Ghana ili kumbuyo kwathu ndi maola awiri, ndiye iye akati 10 koloko inu muziyembekeza 12. Akaimba, funso loti bwanji sunakane lisiyeni, chifukwa limamukakamiza kuteteza mpingo wake kwa mayi ake, ndipo akayamba kuteteza sanenanso zamumtima. Mufunseni maina a ana a banja lija la ku Kumasi. Mufunseni ngati mlendo wakeyo wameza fufu kapena akutafunabe. Mufunseni kuti wagona maola angati.

Ndipo ngati thumba lingalole, Lolemba likubwerali musakhale ku Kawale. Gulani bandulo yokwanira, tchajani foni, kwerani ya ku Dedza m'mamawa, mukakhale pamphasa pafupi ndi agogo nthawi ya 12 isanakwane.